Kope la Miyezo

Kope ili ndinaligula kuti ndizilembamo miyezo:
chiuno cha uje, phewa la uje,
tsiku lodzatenga diresi la ukwati.
Ulusi unadukira pa tsamba la makumi awiri.
Adokotala pa boma anatembenuza pepala kawiri
nati, "Che Twaibu, takhalani pansi."
Ine n'kuti nditakhala kale.

Khansa ya m'bere, anatero.
Sakina anayang'ana nsapato zake
ngati ndi zobwereka.
Mankhwala ndi aulere, koma ali ku Blantyre,
pakatha milungu itatu iliyonse.
Ulere umenewo uli ndi minibasi yake,
uli ndi njala ya wodwazika,
uli ndi ana atatu otsala kwa Mponda
ndi makina anga ogona pakhonde atafunda chitenje.

Ndiye ndinatembenuza kope, n'kuyambira kumbuyo.

Dzina loyamba, mlamu wanga Jafali wa ku Joni.
Foni inaitana kasanu ndi kawiri.
Kutsogolo kwa dzina lake ndinasiya mpata.
Mpatawo ulipobe.

Amayi a banki m'khonde anakangana tsiku lonse
poti lamulo lawo silidziwa matenda,
mpaka Abiti Mdoka anamenya bokosi ndi chikhatho:
"Lamuloli tinalemba tokha, silinagwe kumwamba."
Zikwi makumi anayi, zopanda chiwongoladzanja.

Lachisanu itatha swala, kofia inayenda m'mizere.
Ine amene ndinkaponyamo kale
ndinawerenga maluwa a pamkeka mpaka inadutsa.

Wakatapila anabwera yekha, osaitanidwa.
Anasisita makina anga ngati mbuzi ya pamsika.
Ndinampatsa madzi akumwa, n'kumuperekeza.
Ulendo wachinayi utakwana
ndinamulondola ndekha, njinga ili m'manja,
n'kubwerera wapansi.
Zimenezo sindinamuuze Sakina.
Amadziwa.

Mayi Nachisale a Chikatolika,
amene tinkayambana nawo chifukwa cha nkhuku,
anatenga ana anga osafunsa.
Anagula poto watsopano, wawo wokha,
kuti adye osakayika.
Nanga poto ndimulembe ndalama zingati?
Nanga mpando wa pazenera
umene kondakitala Amidu amausunga ndi jekete lake,
podziwa kuti pobwerera, tikangodutsa Liwonde,
mseru umayamba?
Ndinalemba kuti Amidu, zenera.

Che Mbwana, telala wa tsidya la msewu,
anandilanda oda ya mayunifolomu
ndipo zaka zinayi sitinapatsane moni.
Anafika usiku, osaodira,
natola nsalu zonse zomwe ndinadula osasoka.
Patatha sabata anandiponyera envulopu pamwendo,
ndalama zonse, ngakhale ulusi unali wake.
"Usandithokoze," anatero. "Mizere yako imakhota,
ndachita kuphwasula theka."
Ndinafuna kumuyankha.
Pakhosi panakana.

Tsopano ndadziwa khomo la ofesi yothandiza ovutika,
ndadziwa kalata imene imafuna chidindo,
ndadziwa kuti kupempha kuli ngati kulowetsa ulusi m'singano:
dzanja limanjenjemera koyamba kokha.
Ndanama. Limanjenjemera nthawi zonse.

Dzulo Sakina anandipatsa diresi lake lobiriwira,
la pa Idi ija, kuti ndilichepetse.
Ndinatsegula kope chakutsogolo
pomwe pali muyezo wake wakale,
n'kumuzunguliza tepi m'chiuno.
Chatsika ndi chikhatho chathunthu.
Pakati pa miyezo ndi mayina
patsala masamba asanu ndi limodzi oyera.

Nditanyamula sizasi anandigwira mkono,
mpango utasendera pamutu wopanda tsitsi.
"Usadule," anatero. "Ingopindira m'kati.
Nsaluyo ndidzaifuna."

Ndinapinda.
Ndasoka ndi ulusi wotalikirana, wosavuta kusolola.
Mawa minibasi inyamuka isanakwane folo,
ndipo za ulendo wotsatira
sindinadziwe kuti ndilemba dzina la yani.