Makiyi a ku Sneinton

Mwininyumba wandipatsira makiyi pakhonde,
akuti pofika Lachisanu chipinda chikhale mbee.
Ndakwera masitepe khumi ndi asanu ndi awiri, amayi,
omwe inu munakwera zaka makumi awiri ndi chimodzi
mawondo akulira ngati chitseko chakale.

Kani kuno ndi kumene tinkati kunja.
Kunjako ndi kachipinda aka:
bedi, ketulo, Baibulo lothothoka chikuto,
zenera loyang'anizana ndi khoma la njerwa zakuda,
ndi hita yomwe simunkayatsa
poti kutentha kwa mwezi umodzi
kunali theka la fizi ya Lonjezo.

Kwathu tinkakudziwirani pa chithunzi chimodzi:
mutatsamira mkango wamwala pakati pa Nottingham,
chikhoti chofiira, kumwetulira ngati mzinda ndi wanu.
Chikhoticho ndachipeza kuseri kwa chitseko.
M'thumba muli tikiti ya basi yam'bandakucha
ndi mapanado awiri.

Kunyumba yosamalira okalamba ku Arnold
ankakutchulani Eni,
poti Enifa Kachingwe linkawapinda lilime.
Munasambitsa amayi a eni ake,
kuwapesa, kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda,
kuwanyengerera ndi supuni ngati makanda.
A Hargreaves, amene anaiwala mayina a ana awo,
akuti mpaka dzulo amafunsabe
kuti Eni alowa nthawi yanji.

Pomwe amayi anu ankatsirizika ku Ntcheu
mapepala anu anali asanatuluke.
Maliro munalirira pa foni ya khadi lokala,
ndalama n'kutha nyimbo ili pakati.
M'mawa mwake munavala yunifomu.

Ndiulule, poti pano simungandidule mawu:
ndinakukwiyirani.
Tsiku lomwe ndinakula anandilangiza ndi azakhali.
Pa ukwati wanga munali nkhope ya pa foni
yonyamulidwa m'mwamba ndi msuweni,
ikuuma, ikuyenda, ikuumanso.
Ndinkati ndalama sizikumbatira munthu.
Ndinakuuzanipo kamodzi. Munangoti,
"Wadya koma?"

Pansi pa bedi pali katoni ya nsapato.
Ndimayesa muli makalata.
Ndi malisiti otumizira ndalama, mazanamazana,
omangidwa ndi mphira chaka ndi chaka,
ndipo kuseri kwa lililonse mwalemba ndi bolopeni:
malata. Mayeso a Mwaiwathu. Feteleza wa achimwene.
Mankhwala a shuga. Malata ena.
Dzino la Lonjezo.
Ndafufuza mpaka mdima wa 4 koloko wagwa
kufuna limodzi lokha lolembedwa Enifa.

Nyumba munamanga ku Ntcheu ija
munagonamo masiku asanu ndi anayi.
Munkayenda chipinda ndi chipinda mukugwira makoma
ngati mlendo woopa kudetsa.
Munkati chaka chamawa ndibwerera ndithu.
Chaka chamawacho chinali ndi fizi yake.

Pazenera, m'chitini cha penti,
muli bonongwe amene munadzala, mbewu ya m'envelopu.
Watalika mowonda, wapendekera kugalasi
kusaka dzuwa lomwe kuno limabwera ngati ngongole.
Ndamuthirira. Sindikudziwa chifukwa chake.

Madzulo abwera amayi a kumpingo,
ena atavala mayunifomu pansi pa zitenje,
akuchokera kuntchito, ena akupita.
Asonkha m'mbale ya pulasitiki, mapaundi asanuasanu,
kuti mukagone pafupi ndi amayi anu.
Mayi Nankhoma andigwira dzanja:
"Tonsefe tinafikira pa matiresi a Enifa."
Izi simunatiuzepo.

Loweruka tikwera ndege imodzi, koyamba.
Ine pampando wa pazenera,
inu pansi, pamodzi ndi masutikesi,
inu amene pobwera kwathu munkalipira makilo owonjezera
chifukwa cha nsapato zathu.

Ndakolopa. Ndazimitsa magetsi monga mukanafunira.
Chikhoti chija ndavala,
manja ake andifupikira,
koma kolala ikununkhirabe mafuta anu odzola.
Ndikutsika, amayi.
Masitepe ndikuwerenga.