Mneni Wolendewera

Bwana akagona, jenereta ikatsokomola komaliza,
ndimatulutsa kope m'thumba la jekete
n'kuliyala pabondo, pano pageti la ku Kabulonga,
foni nditailuma ngati fupa kuti indiunikire.
Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri,
ndikulimbanabe ndi mayeso
amene anandigwetsa ndevu zisanamere.

Mayi Shawa, kusukulu yamadzulo ku Mtendere,
anati mneni wa Chingerezi ndi munthu wamaganyu.
Malipiro a ntchito imodzi samukwanira.
Ndinati, ameneyo ndikumudziwa,
timakwera naye minibasi imodzi.

Ganyu woyamba, amamera kamchira ka ing
n'kukakhala pampando wa dzina.
Amenewo akuti ndi jerandi.
Wachiwiri, ndi kamchira komweko,
kapena kena kosonyeza kuti zinachitika kale,
amaima pambali pa dzina n'kumalifotokoza:
mpanda wogumuka, madzi owira, munthu wotopa.
Patisipo.
Wachitatu amayenda ndi kamnyamata kutsogolo,
zilembo ziwiri zokha, t ndi o,
ngati kondakitala wolendewera pachitseko
akuitanira ulendo umene sunayambe.
Infinitivi: alibe dzulo, alibe mawa, alibe mwini.

Ndinakweza dzanja.
Mayi, kwathu ku Katete zonsezi ku amazisenza yekha.
Kudya, kudikira, kubwerera.
Ndimafuna kugona; kugona n'kokoma.
Ku yemweyo, osasintha malaya.
Azungu analemberanji antchito awiri
pa katundu wonyamula mmodzi?
Kalasi inaseka. Mayi Shawa anapukuta choko m'manja:
Bambo Miti, oyesa mayeso sachokera ku Katete.

Ndiye Lachiwiri ndinalemba chiganizo changa,
ndinachipala bwino, ndinachipukuta ngati nsapato.
M'chinenero chathu chikanamveka chonchi:
Podikira pageti, mvula inagwa.

Kope linabwera ndi bala lofiira.
Akudikira ndani apa? Mvula?
Patisipo wanu akulendewera, alibe womugwira dzanja.
Mwiniwake mwamusiya kuti?

Ndinayang'ana chiganizocho nthawi yaitali.
Geti lilimo. Mvula ilimo.
Kudikira kulimo, kwadzaza mzere wonse.
Koma wodikirayo mulibe.

Sindinauze mayiwo kuti sindinalakwitse kwenikweni.
Zaka khumi ndi chimodzi galimoto imaliza hutala,
geti limatseguka, galasi silitsika.
Alendo amati geti la pano limatseguka msanga.
Amayamika geti.
Ngakhale agalu awiriwa ali ndi mayina
olembedwa pambale zawo.

Tikambenji, mwana wanga wa Giredi Naini,
ndiye anandikonzera Lamlungu, tikusenda mbatata.
Atate, n'zosavuta. Pambuyo pa mpumiro
ikani I. Kachilembo kamodzi, koongoka ngati mzati.
Ndipo nthawi zonse kamalembedwa kakakulu,
kaya kali pakati, kaya kumapeto.
Ndinafunsa: ngakhale akulembayo ndi mlonda?
Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowa.

Usiku uno kwazizira, mphepo ya Julaye
ikukokera mapepala a shugashuga m'ngalande.
Kutali, cha ku Kalingalinga, wina akukhoma chitsulo
ngati sadziwa kuti ndi ora lachitatu.
Ndalembanso:
Podikira pageti, ine ndinanyowa.
Podikira pageti, ine ndinawerenga masamba asanu ndi anayi.
Podikira pageti, ine.

Pamenepo cholembera chaima.
Zotsalazo ndi za kamnyamata ka pachitseko kaja,
aneni opanda tsiku amene ndimasunga kutsamba lomaliza:
kukhoza,
kugona usiku ngati anthu ena,
kufika pageti la wina
n'kutsitsa galasi.

Hutala yalira. Mwana wa bwana wabwera mochedwa.
Ndatseka kope, chala ndasiya pakati
kuti tsamba lisanditayike,
ndipo ndi dzanja linalo
ine ndatsegula geti.