Fayilo ya Abiti Mdoka

Ndinali mu Sitandade 5 pamene chisamani chinafika.
Amayi anachiika pabondo panga:
"Werenga iwe, maso anga sadziwa chizungu."
Ndinawerenga kuti munda wathu wa ku Namwera
uli ndi nambala tsopano,
ndiponso mwini wake, wokhala ku Limbe.

Zaka khumi ndi zinayi tikutsetsereka phiri la Chowe
pa matola, titakhalira matumba a nandolo,
kuwoloka Shire, kukatenthetsa benchi kukhoti.
Woweruza wasamutsidwa. Fayilo yasowa.
Loya wa mbali inayo ali kumaliro.
Mubwere Lachiwiri mwezi wamawa.
Mbuzi zinatha m'khola imodziimodzi
kulipirira ma Lachiwiri.

Iwo anali ndi lizi ya zaka 99, chidindo chofiira,
mapu ojambulidwa ndi munthu amene chisoso chathu sichinamumatepo.
Amayi anali ndi mitengo isanu ndi iwiri ya mango,
chitsa cha muwanga pomwe mayi awo ankalekezera mzere,
ndi manda atatu oyang'ana ku Maka.

"Pepala lanu lili kuti?" anafunsa loya.
"Pepala langa ndinalisambitsa ndekha,
ndinalikulunga m'nsanda.
Lili pansi pa mtengo wachitatu. Kafukuleni muwerenge."
Womasulira anakhosomola.
Sanamasulire zonse.

Chigamulo chinatuluka anzathu atapalira kale,
amayi atagona pambali pa mayi awo.
Theka la munda. Theka linalo kuli bulugamu.
Ndinasaina ndi cholembera
m'munsi mwa chala chawo cha inki chofwifwa chija,
ndinatuluka kukabwereka mbewu.