Chibaluni cha Witold

Tinapangana seveni koloko, pageti la fakitale yakale ya zombo.
Jagoda, mwachizolowezi chake, anafika nthawi itapita,
matikiti onse anayi ali m'thumba la jekete lake,
tsitsi litanyowa ndi chipale chosungunuka,
akupepesa uku akuseka.
Bronek anati, "Iwe, ngakhale pamaliro ako
udzafika anthu tikuchokera kumanda."

Kuno ku Gdańsk, mwezi wa Febuluwale,
mphepo yochokera kunyanja ya Baltic imakhala ndi mano.
Mzere unakhotakhota pansi pa makireni adzimbiri,
ife tikupondaponda kuti zala zakumapazi zisafe,
tikupatsirana fulasiki ya Bronek
ya tiyi amene sanali tiyi yekha.

Shedi imeneyi Witold amaidziwa kuposa kuchipinda kwake.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
anawotcherera zitsulo momwemu,
nthiti za zombo zopita kumaiko amene iye sanapondeko.
Nyundo zinamudya makutu pang'onopang'ono
monga dzimbiri lidyera msomali.
Lakumanzere linatseka kalekale,
lakumanja nalo likutsanzika.
Koma tikamva kuti kukubwera oimba,
woyamba kutulutsa ndalama ya tikiti ndi iye.

Pakhomo mlonda anamupisa m'matumba
napeza chibaluni chofiira, chosauzira.
"Nanga ichi n'chachiyani, bambo?"
Witold sanamve, anangomwetulira.
Ndinayankha ndine: "Ndi khutu lake limenelo."

M'kati munali fungo la mowa ndi majekete onyowa,
achinyamata a msinkhu wa ana athu ali phamuphamu.
Magetsi anazima, thi!
Mfuu inakwera mpaka kudenga.
Kamtsikana kometa mpala kanakhala pang'oma,
kanawerenga ndi timitengo, kamodzi, kawiri,
kenako dziko linagwedezeka.

Witold anauzira chibaluni chake mosafulumira,
anachimanga, anachikumbatira pachifuwa
ngati mwana wogwidwa ndi malungo,
natseka maso.
Gitala wa besi ankalowa m'chibalunimo,
kuchoka umo n'kulowa m'zala, m'nthiti.
Phazi lake silinaphonye ngakhale kamodzi.

Jagoda anavina mpaka mpango unatayika.
Bronek anadandaula mtengo wa mowa,
anati gululi linkaimba bwino kale, lisanatchuke,
koma itabwera nyimbo yapang'onopang'ono ija,
ya lipenga lokha ndi mawu osasa,
ndinamuona akupukuta m'maso.
Akuti unali utsi.

Kenako, phu!
Mnyamata wina anadutsa ndi jekete la timisomali.
Witold anatsala ndi kasanza kofiira m'manja,
akuyang'ana milomo ya woimba ikuyenda
ngati ya nsomba m'galasi.
Mnyamatayo anapepesa, anapepesanso,
koma kupepesako nako sikunamveke.

Ndinaganiza kuti basi, tizipita.
Iye anandigwira pamkono
n'kundikokera m'mbali, tikuponda anthu,
mpaka pamzati wachitsulo wochirikiza denga.
Anaupapasa ngati wofuna chipsera pathupi la m'bale wake,
anapeza msoko wokhuthala, anaikapo chikhatho.
Anatenga changa n'kuchiika pambali pake.
Mzati wonse unkanjenjemera,
nyimbo ikuyenda m'chitsulo ngati magazi.
Jagoda anabwera, Bronek anabwera,
manja anayi pamzati umodzi wozizira.

Nyimbo inaima mwadzidzidzi, kunali zii,
ndipo m'kachetechetemo Witold anakuwa,
pakuti sadziwa kukula kwa mawu ake:
"Apa ndinawotcherera ndine!"
Anthu anacheuka. Ena anaseka.
Kamtsikana kang'oma kanakweza timitengo m'mwamba,
kaya kanamva, kaya kamangodziwongola.

Sitima yomaliza inatisiya.
Tinayenda wapansi m'mbali mwa njanji,
mawondo akutikumbutsa zaka zathu.
Jagoda anadandaula kuti m'makutu mukulira mluzu,
ine ndinati nanenso,
Bronek anati anthu ake sadziwa kuchuna zokuzira mawu.
Witold anawerenga milomo yathu pansi pa nyali ya mumsewu.
"Mluzu umenewo," anatero, "ine ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.
Lero mwabwera kwathu."
Kenako anafunsa Jagoda za gulu lobwera mu Epulo,
ndipo anati matikiti asunga yekha.