Nkhongo ya Twaibu

Ndinatsika minibasi pa depoti ya Salima
dzuwa likuwotcha ngati ndinalidyera ngongole.
Anyamata a kabaza anandiunjirira,
"Bwana, kuno! Ya khushoni yofewa ndi ino!"
Ine ndinakwera ya amene sanakuwe.

Titangowoloka njanji ndinaizindikira nkhongo.
Zaka zinayi ndinakhala kumbuyo kwake,
desiki yachitatu kuchokera pa windo losweka,
kuyang'ana iyo m'malo mwa bolodi.
Chipsera chija chikadalipo kunsi kwa khutu lamanzere,
pomwe mwala unatera usiku wa sitalaka ya nyemba,
tikukuwa kuti anankafumbwe nawonso azilipira fizi
poti amadya nafe mbale imodzi.

Twaibu.
Ankamaliza samu a Kamtedza asanasase choko m'manja,
n'kupendeketsa kope pang'ono, ngati mwangozi,
kuti akumbuyofe tikolole pomwe sitinalime.

Tinalipo anayi.
Binwelo, wobisa shuga m'sokosi kuopa a Folomu 4;
Msatida, amene ankapemphera mokweza ku holo Lachitatu
n'kudumpha mpanda Lachisanu kukasaka kanyenya;
iyeyo, ndi ine.
Malaya abwino tinali nawo amodzi, amizeremizere,
ovala mosinthana Loweruka la disiko.
Wovalayo ndiye ankavina pakati,
enafe n'kumachirikiza khoma kuti lisagwe.

Makalata opita kwa Sakina ndinkalemba ndine,
Twaibu ankangosaina.
Iye manambala, ine mawu otsekemera,
malonda opanda wodandaula.
Sindinamuuze kuti mizere ina
sindinkalembera iye ayi.
Mayankho ankabwera atapindidwa ngati samusa,
tinkawerengera kuseri kwa thanki nthawi ya pulepu,
udzudzu ukutimaliza akakolo,
iye akuseka, ine ndikumeza malovu.

Teremu yachiwiri ya chaka chomaliza
desiki yake inakhala pululu.
Ena ankati bambo ake atisiya ku Lifuwu mpunga uli m'munda,
ena ankangoti fizi.
Bolodi ndinaliona lonse kwa nthawi yoyamba
ndipo sindinatolepo kanthu.
Ndinati ndimulembera.
Ine, katswiri wa makalata,
ndinati mawa, ndinati tikamaliza mayeso,
mpaka mawa linamera imvi.

Lero thukuta likutsetsereka pa chipsera chija,
tcheni chikulira pa kamtunda ka ku msika,
ine phee pa khushoni, tayi pakhosi,
chikwama cha ku ofesi ndachikumbatira ngati mwana wodwala.
Dzina lake lili pa lilime, likulemera ngati thumba la simenti.
Ndiyambire pati?
Pa Binwelo amene tinamuika dzana ku Khombedza?
Pa Msatida amene ali ku Joni, foni yake yosagwira?

"Ukupumirabe pakamwa, Mlongoti,"
anatero osatembenuka.
"Ndakudziwa usanakhale n'komwe.
Zaka zinayi mpweya umenewu ukundiwomba m'khosi."

Njinga inagwedera ndi kuseka kwathu,
mayi wa mandasi anatitukwana, mbuzi inathawa.
Kwa kanthawi tinali a Folomu 2 tonse awiri,
anjala, opanda ngongole ndi munthu.

Pofika ndinatulutsa chikwi zisanu.
Anaziyang'ana, n'kundibwezera chenji chonse
ndisanamalize kuwerengera m'mutu.
"Samu ikukuvutabe," anatero.
"Ubwere kunyumba. Sakina akakuona akondwa.
Makalata aja amasungabe m'chitini cha mabisiketi.
Amati chikwatirane ine ndinaiwala kulemba,
ndipo akamatero amaseka mwina mwake."

Anatembenuza njinga, belu ngili ngili.
Ndinaima pa geti ya msonkhano wanga, chenji m'manja,
kuyang'ana nkhongo ija ikuchepa mumsewu wa fumbi,
ili patsogolo panga monga kale,
ine kumbuyo, ndikudikirabe kuti kope lipendekeke.