Lachinayi ku City Deep

Tsiku lomwe anandikweza pantchito
anandipatsa makiyi khumi ndi awiri, jekete yachikasu
ndi anthu asanu ndi anayi oti azindimvera.
Mawu olankhulira nawo sanandipatse.
Choncho ndinabwereka.
Ndinkakuwa kuyambira folo koloko m'bandakucha,
chisanu cha Juni chikutafuna zala,
malole a kachewere akulowa chafutambuyo mumsika.
Ndinakuwa mpaka Sibusiso analeka kundipatsa moni,
mpaka Lonjezo, mnyamata wakwathu ku Thyolo,
yemwe tinanyemerana buledi pa Park Station titangotsika basi,
anayamba kunditchula bwana, maso ali pansi.

Kenako kampani inaitana Mayi Motaung a ku Soweto,
a magalasi olendewera pachingwe,
akuti azindisula utsogoleri Lachinayi lililonse.
Ndinagula kope, ndinasongola pensulo.
Iwo sanandilembetse kanthu.
Tinakhala pa makreti awiri kuseri kwa chipinda chozizira,
akusenda nachesi mosathamanga,
nandifunsa: Ukamakuwa, mawuwo amakhala a ndani?

Ndinaseka. Ndi anga, ndinatero.
Iwo anangopitiriza kutafuna.

Ndinakawazindikira mutakisi ya ku Rosettenville.
Anali a kapitawo wa kuesiteti ya tiyi
yemwe ankati "iwe" kwa bambo anga ine ndikumva,
dengu la masamba lili kumsana kwawo,
ine wa zaka zisanu ndi ziwiri, nditawabweretsera kamba.
Mawuwo ndinadutsa nawo pa Mwanza, pa Nyamapanda, pa Beitbridge,
ofufuza zikwama osawapeza.

Lachinayi lina anati: Sabata ino, usanalamule, funsa.
Ukafunsa dikira. Werenga mpaka teni.
Kudikira n'kowawa, abale,
lilime limayabwa ngati wanyambita chitedze.

Lolemba Lonjezo anachedwanso.
Ndinamva kapitawo uja akudzuka pakhosi panga,
atavala kale majombo.
Ndinamumeza. Ndinati: Chavuta n'chiyani?
Chete. Ndinafika pa seveni.
Akuti mkazi wake amachapa nsalu kuchipatala usiku,
khanda sangalisiye lokha mufulati,
amadikira kiyi alire pachitseko ndiye aliyatse liwiro.
Miyezi itatu ndakhala ndikudula malipiro a munthu
chifukwa cha mwana wogona.

Tinasintha nthawi zolowera.
Njira anaipeza ndi Sibusiso,
anaijambula ndi choko pakatoni ya mapeyala.
Kani ankaidziwa kalekale,
kungoti panalibe womufunsa.

Sindinasanduke mngelo ayi.
Dzulo lomweli ndinakalipira Armando za sikelo,
kenako n'kupeza kuti wosokoneza manambala ndine.
Ndinazungulira mulu wa kabichi kawiri
ndisanapeze potulutsira mawu oti pepani.
Ndi kamawu kakafupi
koma kamaposa thumba la anyezi kulemera.

Mayi Motaung anatsanzika mu Okutobala,
jakaranda atathira utoto m'misewu yonse.
Ndinati mocheza: Mayi, simunandiphunzitse kanthu.
Anati: Eya.
Nanga kiyi wa kusikelo uja, ukumusungiranji wekha?

Lero m'thumba mwanga mwatsala makiyi asanu ndi awiri,
buluku lasiya kupendekera mbali imodzi.
Ena ali ndi Sibusiso, wina ali ndi Lonjezo,
yemwe wayambanso kunditchula Fatsani
n'kumandiseka kuti Joni wandimeretsa mimba.

Kope lija analanda mwana wanga, akulembamo masamu.
Tsamba loyamba ndinang'amba ndisanamupatse.
Pali funso limodzi lokha, lolembedwa mutakisi,
zilembo zokhota chifukwa cha mabampu.
Ndimalipinda m'thumba la jekete yachikasu
ndipo m'mawa wina, malole asanafike,
ndimalitulutsa pansi pa getsi.
Sindinamalize kuliyankha.