Mpendero wa Denga

Okutobala wafika ku Mufakose
ndi dzuwa lake long'amba milomo,
ndipo ndakwera makwerero a bambo,
aja mwendo umodzi anaumanga ndi waya
chaka chimene ndinayamba sukulu.
Lonjezo wagwirizira pansi. Ndamuuza aike foni m'thumba.

Odutsa mumsewu amaona chitseko, mawindo,
mwina maluwa a m'zitini pakhonde.
Palibe amene amakweza maso kufuna feshabodi,
thabwa lalitali lozungulira denga
ngati mpendero wa nsalu.
Koma tamasulani mpendero muone
mmene ulusi umayambira kusololoka.

Bambo ankati mvula si mlendo wolowera pakhomo.
Imafuna nsonga ya phaso, pamene sowo inadutsa,
pamene mtengo uli kukamwa yasa.
Thabwa ili ndilo limatseka pakamwapo.
Limasenza ngalande ndi madzi ake onse,
limakaniza mileme malo ogona,
limauza mphepo ya Ogasiti kuti pita uko,
usalowetse zala pansi pa malata.
Likatero lokha limanyowa, limapsa, limang'aluka,
osadandaula.

Ndayamba kupala.
Penti yoyera ya chaka chatha ikugwa ngati mfundu,
pansi pake pali yobiriwira,
yotsala kunyumba ya dokotala wa ku Avondale
kumene a Likongwe, bambo anga, anapenta mwezi wathunthu
nabwera ndi chitini pakaliyala.
Pansi pa yobiriwira pali yofiirira ya ku Mabelreign.
Nyumba yathu yavala zotsala za nyumba zambiri.
Kenaka mzere wakuda bii,
chaka chija mashopu anali mashelefu okhaokha,
pamene anapaka oyilo wakutha wa galimoto
kuti chiswe chisanene kuti mwini wake wagonja.

Munthu ameneyu ankati akubwerera ku Dedza.
Chaka chilichonse ankatero, sutikesi ili pamwamba pa wodilopu.
Chaka chilichonse ankakweranso makwerero awa
msomali kukamwa, bulashi m'thumba lakumbuyo.
Wapaulendo ndani amasamala za mpendero wa denga?
Sindinawafunse. Agona ku Granville.

Ndikubaya ndi msomali monga anandiphunzitsira,
dzanja limodzi, dzanja limodzi.
Apa pakulira ngo, ngo. Apanso.
Koma pangodya, pansi pa mtengo wa mapeyala,
msomali walowa ngati mu mbatata yophika.
Masamba anadzaza ngalande, madzi anasefukira chakumbuyo,
ndipo ine dzinja lonse ndinali m'nyumba
kuyamika Mulungu kuti sikukudontha.
Chala changa chatuluka ndi ufa wa thabwa
ndi nyerere zitatu zodabwa.

Dzulo ku Siyaso mnyamata wogulitsa matabwa
anandionetsa la pulasitiki.
Amayi, ili siliola, silifuna penti, mudzaliiwala.
Ndinaligwira. Linali losalala, lopepuka, lopanda fungo.
Mudzaliiwala, anabwerezanso, ngati ndi mdalitso.
Ndinagula la paini, mamita awiri,
ndi kubwera nalo pa kombi, kondakitala akung'ung'udza.

Tadula chowolacho mopendeketsa kuti cholowa chigwirane bwino.
Tapaka mankhwala kunsonga zonse ziwiri,
makamaka kumene maso sadzafikako.
A Gwatidzo aima kuseri kwa mpanda, manja kumbuyo,
akuti lawo analisiya kalekale, likulendewera ngati dzino,
ndipo nkhunda zikuswa m'siling'i mwawo.
Ndawalonjeza penti ikatsala.

Lonjezo wandifunsa m'Chishona ngati tatha.
Ndamuyankha m'Chichewa kuti kwatsala mbali zitatu.
Chakumadzulo, cha ku Norton uko, kwachita mdima,
fungo la fumbi lonyowa latipeza kale.
Mawondo anga akunjenjemera pa sitepe yachisanu.
Ndatsika.
Ndamupatsa bulashi, ndamupatsa msomali,
ndagwira makwerero ndi manja onse awiri.

Usathamange, ndamuuza.
Yamba wabaya, umve mmene likuyankhira.